Mpando Wachiwiri m'Bwato la Amayi

Ine ndine wa ku Ntcheu, kumapiri, kwa anthu a mbatatesi ndi kabichi. Madzi ndinkawadziwa a m'ndowa basi. Ndiye azungu a kukalabu yopalasa mabwato akamandifunsa ngati kwathu ndinkapalasa panyanja, ndinkangowayang'ana. Panyanja ine? Kusambira komwe ndinaphunzirira kuno ku Leicester, m'dziwe la ku Braunstone, ndili mayi wa imvi, pakati pa tiana tovala zoyandamitsa m'mikono.

Chinandipititsa kumadzi ndi bipi. Ndimagwira ntchito ya keya, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba panyumba ina ku Beaumont Leys, ndipo dokotala atandiyeza anandiuza mosabisa kuti ndikapanda kuyamba kutuluka thukuta ndidzagona pabedi loyandikana ndi anthu amene ndimawasambitsawo. Jimu yolimbitsira thupi ndinaikana, amenewo ndi malo a anthu okonda kudziyang'ana pagalasi. Mwana wa gogo wina amene ndinkamusamalira ndiye anati ndi mapewa angawa ndikayese kupalasa. Ndinapita kuti ndikaseke, ndipo ndinakhaliratu.

Kalabuyo ndi yaing'ono, ili m'mphepete mwa mtsinje wa Soar kunja kwa tauni: shedi ya mabwato, zipinda ziwiri zosinthiramo zovala, ndi kabala konunkha mowa wakale ndi masokosi onyowa. Munthu wakuda ndinali ndekha. Ankandikonda chikondi chotopetsa chija, chakuti chithunzi chilichonse choitanira anthu atsopano ndiyenera kukhala pakati ine, ndikumwetulira ngati ndapatsidwa thumba la feteleza.

Patapita chaka anandiika m'bwato la amayi anayi. Kwa amene simunalionepo, ndi kanthu kakatali, kowonda ngati nsungwi, ndipo aliyense amagwira nkhafi ziwiri atakhala chofulatira kumene mukupita. Pampando wachinayi pamakhala munthu amene nonse mumaona msana wake ndi kutsatira kapalasidwe kake. Wathu anali mphunzitsi wa masewero wopuma ntchito, mayi wouma thupi ngati chiwala, amene sankadziwa kuseka bwato lisanatuluke m'madzi. Pachitatu panali dokotala wa mano, munthu wachete. Pachiwiri panali ine. Luso ndinalibe, koma ukaipa dziwa nyimbo: mphamvu zonyamula okalamba tsiku ndi tsiku ndinkazitaya zonse pankhafi, ndipo mpando umenewo ndinkaukonda kuposa chilichonse chimene ndinapezapo m'dziko muno. Kuntchito ndine manja a anthu ena. Kutchalitchi ndine wotsuka mapoto ukatha mwambo. Pampando wachiwiri pokha ndi pamene anthu ankadandaula ndikajomba chifukwa chakuti palibe wina wofanana nane.

Kumbuyo kwanga, pampando woyamba, pankakhala mnzanga amene nkhaniyi ndi yake. Wa pampando woyamba ndiye amawongolera bwato, ndi phazi, kudzera pa kawaya komangidwa kunsapato, uku akucheukacheuka kuona makhota a mtsinje. Iye anali makaniko wa mabasi, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, wamtali, wa chifuwa chosatha cha fodya amene anasiya kalekale. Anabadwa mwana wamwamuna. Anasintha ine ndisanabwere n'komwe ku England, dzina, mapepala, mankhwala, zonse, ndipo anthu onse pakalabupo ankamudziwa ngati mkazi. Kuno amati thiransi. Ine ndinatha chaka chathunthu osadziwa, mpaka mayi wina anandinong'oneza m'chipinda chosinthira zovala, maso ali tong'o ngati akundiuza kuti m'nyumba mwalowa njoka.

Sindinama kuti ndinalandira nkhaniyo ngati munthu wotsogola. Ndinasamutsa chikwama changa kupita pabenchi ina, ndipo ndinkavala nditafulatira. Zinatha masabata awiri, kenako ndinatopa nazo. Ine amene ndasambitsa matupi a anthu a mitundu yonse, ndiope mayi wotsokomola wovala masokosi osiyana? Ndinabweza chikwama pamalo pake.

Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kupalasa. Mphunzitsi uja ankangokalipa kutsogolo, koma mnzangayu ankalankhulira kumsana kwanga chapansipansi. Ndinamuphunzitsa kundiitana kuti asisi, ndipo ankati, "Mapewa pansi, asisi. Musamenye madzi, sanakulakwireni." Lamlungu mabasi amachedwa kuyamba, ndiye ankadzanditenga ku Highfields pa kaveni kake kodzaza masipanala, n'kundibweza nthawi yabwino kuti ndikafike kutchalitchi ndi matuza anga m'manja. Pamakina opalasira pamtunda, amene amayeza mphamvu za munthu, ine ndinkamuposa. Dokotala wa mano nayenso ankamuposa. Chimene iye anali nacho ndi mtsinje m'mutu mwake: ankadziwa khota lililonse, mtengo uliwonse wogwera m'madzi, ndi pamene tsekwe wolusa anaikira mazira.

Kenako akuluakulu a masewerowa m'dziko muno anasintha lamulo. Anati mipikisano ya amayi ikhale ya obadwa akazi okha, ena onse apikisane m'gulu lotseguka, momwe muli amuna. Ine ndine wa keya, za mafupa ndi mapapo a anthu othamanga sindizidziwa. Mphunzitsi uja ankati thupi limene linakula lili lachimuna limasunga zina zake ngakhale munthu amwe mankhwala otani, ndipo mtsikana amene wadzuka m'mamawa zaka khumi sayenera kulandidwa malo chifukwa cha zimenezo. Mwina ankanena zoona, kwa atsikana othamangira mendulo za dziko. Koma ife? Amayi anayi a mawondo olira, opikisana kuti tipate kapu yachitsulo yoikamo mabolopeni!

Mnzanga sanalimbane ndi lamulolo. Loweruka lina titatulutsa bwato m'madzi anatiimitsa tonse atatu n'kunena kuti pali njira. Akazi saletsedwa kulowa m'gulu lotseguka, ndiye pa mpikisano wa ku Nottingham, pamtsinje wa Trent, umene tinkaukonzekera, tikanatha kulembetsa bwato lathu m'gulu limenelo, tonse anayi monga tinalili. "Abambo adzatisiya kutali," anatero, "koma tidzapalasa limodzi." Dokotala wa mano anayang'ana nsapato zake. Mphunzitsi anati tikaganize. Ine ndinati, "Ndi maganizo abwino," ndipo mumtima ndinali nditakana kale.

Ndinene chifukwa chake, poti palibe amene anandikakamiza. Si Baibulo, ngakhale ndinalitchula kwa azimayi anzanga a kutchalitchi ndipo anandiyamikira kuti ndaima pachoonadi. Ndinkafuna kupambana. Chibadwire sindinapambanepo kanthu, ngakhale mpikisano wothamanga ndi dzira pasipuni kusukulu, ndipo chaka chimenecho bwato lathu linkathamanga bwino moti m'gulu la amayi a msinkhu wathu mwayi unalipo. M'gulu la abambo tikanangokhala zoseketsa za anthu oonerera pamlatho. Dyera basi, lopanda ndi chovala chomwe.

Sabata yotsatira mphunzitsi anabwera ndi kalata yopita kukomiti. Inkapempha kuti bwato lathu lilembetsedwe m'gulu la amayi, ndiponso kuti pampando woyamba paikidwe munthu wina. Tinasayinira pamalo oimika magalimoto, pabonati ya galimoto yake, mnzanga ali m'shedi kukonza timagudumu timene mpando wanga umayendera popalasa, poti tinkalira. Patsamba lachiwiri panali ndime imene mlembi wa kalabu anawonjezera, yakuti pofuna kuti wina asaoneke ngati wasalidwa, mayi aliyense wofuna kupikisana aonetse chiphaso chake cha kubadwa choyambirira, cholembedwa pa nthawi imene anabadwa. Ndinaiwerenga ndimeyo, sindinganame kuti sindinaione. Koma ndinaiwerenga ngati chikwangwani choletsa kukodza pakhoma, chimene umadziwa kuti analembera anthu ena. Ndinasayina ndi dzina langa lonse.

Mlembiyo ndiyenera kumufotokoza, kuti mudziwe mtundu wa munthu amene ankaweruza ukazi wathu. Anapuma ntchito ya muofesi, ndipo chipumire ankasowa womusainitsa mafomu. Ankavala jekete la kalabu la baji pachifuwa ngakhale tsiku lotsuka zimbudzi. M'bwato sindinamuonemo chifikire ine, ndipo ndikukayika ngati liripo limene likanamunyamula ndi mimba imeneyo. Munthu wotere mukamupatsa lamulo latsopano amasangalala ngati mwana wopatsidwa wenzulo. Loweruka linalo anayala tebulo m'kabala muja, faelo yatsopano, zolembera zitatu, ndipo amayi akuluakulu, ena a zidzukulu, tinafola ndi mapepala athu m'manja ngati kusikelo ya ana.

Azungu aja ankapereka timapepala tachikasu tokalamba, topindidwa kanayi, tochokera m'mabokosi a amayi awo. Mlembi ankayang'ana, n'kuchonga. Itafika nthawi yanga ndinapereka chiphaso changa cha kubadwa, choyera bwino, cha chidindo cha boma la kwathu, ndi pasipoti pamwamba. Anavala magalasi. Anayendetsa chala mpaka pansi, n'kuima.

"Ichi chinalembedwa muli wamkulu kale," anatero.

"Inde. Ndinachitenga pokonzekera ulendo wobwera kuno."

"Tikufuna choyambirira."

"Choyambirira ndi chimenecho, bambo. China kulibe."

Anavula magalasi n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati ndine gogo wa ku Beaumont Leys amene waiwala dzina lake. Anati munthu akasintha mwalamulo kuno, boma limamupatsa chiphaso chatsopano cholembedwa kuti mkazi, ndipo n'chifukwa chake kalatayo inati cholembedwa pa nthawi yobadwa. Chiphaso chotengedwa munthu atakula sichitsimikiza kanthu. Ndinaloza pasipoti. Anati ya mnzangayo nayonso inalembedwa kuti mkazi.

Abale, ndinaima kakasi. Ine ndinabadwira m'nyumba, pamphasa, nyengo yokumba mbatatesi. Panalibe namwino, panalibe cholembera, ndipo palibe amene anaganiza kuti tsiku lina mzungu wa mimba adzafuna umboni. Tsiku lobadwa lomwe ndimagwiritsa ntchitoli anandisankhira ahedi polembetsa mayeso a Sitandade 8, ndipo theka la kalasi yathu linabadwa tsiku limodzimodzilo. Ndani wa msinkhu wanga wa kumudzi ali ndi pepala la tsiku lobadwa? Ndinkazidziwa zonsezi pamene ndinkasayina, koma mutu unali pa kapu.

Mphunzitsi anathamangira patebulopo nkhope itafiira. "Koma iwe ukudziwa kuti sitinkanena iyeyu!" anauza mlembi. Mawu amenewo anandinyansa kuposa a mlembi yemwe. Mlembi anatambasula manja n'kunena kuti lamulo ndi la onse, akayamba kusankha poyang'ana nkhope ndiye kuti kalabu ikhala ndi mlandu wa tsankho. Tsankho! Analitchula mawuwo mondinyadira, ngati akundichitira ulemu. Anandipatsa masabata awiri kuti ndipeze umboni wina, apo ayi pampando wachiwiri pakhala munthu wina.

Mboni yokhayo ya kubadwa kwanga imene ikadali moyo ndi mayi anga aang'ono, amene anadula mchombo. Ndinawaimbira masana a tsiku lomwelo pafoni ya mdzukulu wawo, ndipo ndinavutika kufotokoza.

"Ukuti azunguwo akufuna chiyani?"

"Akufuna umboni kuti ndinabadwa mkazi, amayi."

Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ndinamva akuitana anthu a nyumba yoyandikana kuti adzamve. "Iwe, zaka zonsezi uli kumenekoko sanakuone? Mabere onsewo ukuwabisa kuti? Anthu opanga ndege amenewo!" Nditawauza za mnzanga uja kuseka kunatha, anati zimenezo ndi malodza ndipo ndisamakwere galimoto yake. Kenako anati ndiwajambule mawu. Analankhula mphindi zitatu, kulumbira pali Mulungu, kufotokoza zimene anaona tsiku limenelo ndi mawu amene sindingawalembe pano, n'kumaliza ndi kundikumbutsa kuti nsapato zimene ndinawatumizira zinali zothina.

Ndinapita nawo mawuwo kwa mlembi, chifukwa munthu ukasowa pogwira umagwira ndi lupsa lomwe. Anamvetsera masekondi ochepa, mwaulemu wake wonyansawo, n'kunena kuti sangaike mawu a pafoni m'faelo. M'kabalamo munali abambo atatu a bwato lina akumwa tiyi. Mlembi anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala ngati wapeza nzeru ya chaka.

"Ana muli nawo? Chiphaso cha mwana wanu chosonyeza kuti munabereka ndinu chikhoza kukwanira."

Ndilibe mwana. Ukwati wanga unathera pomwepo, kwathu, ndisanabwere kuno. Zaka zisanu ndi ziwiri za zipatala, mizu yowawa ndi mapemphero a kuphiri, mpaka tsiku limene mlamu wanga ananena pamaliro, anthu akumva, kuti achimwene ake akugona ndi mwamuna mnzawo. Ndinawoloka nyanja zonsezi kuthawa mawu amenewo, ndipo ndinawapeza atakhala patebulo, atavala jekete la baji. Ndinayankha kuti ayi. Abambo a tiyi aja anayamba kuyang'anitsitsa makapu awo.

"Basi, kalata ya dokotala," anatero mlembi. "Iliyonse yosonyeza za, mukudziwa, za m'thupi."

Munthu wa ulemu wake akanamuponyera faeloyo kumaso n'kutuluka osabwereranso. Ndimakonda kuganiza kuti ndine munthu wotero. Kuntchito manijala amandiopa, mubasi palibe amene amandiponda phazi kawiri. Koma tsiku limenelo ndinati, "Chabwino, ndiona."

Lamlungu mnzanga anabwera kudzanditenga monga mwa nthawi zonse. Anali atachoka kale m'bwato lathu, ankapalasa yekha m'kabwato ka munthu mmodzi, koma Highfields sanasiye kudutsako. Nkhani yanga anali ataimva, pakalabupo chinsinsi sichigona. Anakwiya kuposa ine. Anamenya chiwongolero n'kunena kuti zimenezi si zimene lamulo la dziko likufuna, ndi zopeka za mlembi, ndipo akhoza kundithandiza kulemba dandaulo chifukwa makalata otere wakhala akulemba moyo wake wonse. "Musawapatse kanthu, asisi," anatero. "Mukawapatsa kamodzi, sasiya kufunsa." Ine ndinkangoyang'ana pawindo, mashopu otseka ndi anthu opita kumapemphero, n'kumati, "Zoona, zoona."

Dandaulo likanatenga miyezi, ndipo mpikisano unali pafupi. Ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wodulobu. M'menemo ndimasungamo mapepala amene sindifuna kuwaona, ndipo pakati pake panali kalata ya kuchipatala ya chaka chimene anandichotsa chiberekero chifukwa cha zotupa. Kalatayo sanaiwerengepo mchemwali wanga, sanaiwerengepo abusa, ndipo azimayi a kutchalitchi ndinawauza kuti inali opaleshoni ya ndulu. Ndinaiika m'chikwama, pakati pa botolo la madzi ndi masokosi.

Mlembi anaiwerenga yonse. Sanangoyang'ana mutu wake, ayi, anayenda ndi chala mzere ndi mzere, kukula kwa zotupa, kuchuluka kwa magazi amene ndinataya, masiku amene ndinagona m'chipatala, akunyambita chala potembenuza tsamba. Atamaliza anachonga pafupi ndi dzina langa n'kumwetulira. "Onani, sizinavute," anatero. Ndipo ine ndinathokoza. Ndinathokoza, abale! Ndinapinda kalata yanga n'kunena kuti zikomo kwambiri, mawondo atatsala pang'ono kupinda okha monga tinaphunzitsidwira kwathu. Ukazi wanga unavomerezedwa ndi pepala lonena kuti chiberekero ndilibe, ndipo mpando wachiwiri unakhala wanga.

Pampando woyamba anaikapo mayi wina wochokera m'bwato lina, munthu wabwinobwino, koma wosadziwa kuwongolera. Pa Soar tinalowa m'bango kawiri, ndipo tsiku lina tinatsala pang'ono kugunda bwato la anthu ogona pamadzi. Mphunzitsi ankakalipa, mayiyo ankalira, dokotala wa mano ankayang'ana kumwamba. Kumsana kwanga kunalibenso wondiuza za mapewa, kunkangomveka kupuma kwa munthu wamantha.

Tsiku la mpikisano kunazizira, mphepo ya ku Trent yolowa mpaka m'mafupa. Mabwato amapita kumpikisano pa ngolo yaitali yokokedwa ndi galimoto, ndipo pakalabu yonse amene ankadziwa kuikoka ndi kuibweza chambuyo popanda kugwetsa mpanda wa eni anali mnzanga yekha. Komiti yomwe inamuchotsa m'bwato sinachite manyazi kumupempha, ndipo iye anavomera. Anatsitsa nafe bwato, anamanga nafe zitsulo zogwira nkhafi, n'kutenga mayi watsopano uja pambali kumujambulira mtsinje kuseri kwa envelopu: apa pali mlatho, lowa pakati, apa madzi amakankhira kumanja, usalimbane nawo. Mlembi anali pomwepo ndi jekete lake, akumwa tiyi wa m'fulasiki, akuuza anthu a makalabu ena mmene iye anakonzera nkhani yovutayi popanda kukhumudwitsa aliyense.

Nthawi yathu itakwana tinaika bwato pamadzi. Mnzanga analowa m'madzi ndi majombo ake kuti aligwire pamene tikukwera, ndipo anaima pafupi ndi mpando wanga, dzanja lake lili pachitsulo cha nkhafi yanga, lofiira ndi kuzizira. Ndinamanga nsapato. Enawo anali otanganidwa ndi zawo. Sindikudziwa chimene chinandigwira, mwina ndinkafuna kuti andikalipire ndipepukidwe ndisanayambe kupalasa, poti ngakhale kulapa kwanga kunali ndi dyera.

"Asisi," ndinatero, ngakhale dzinalo linali langa, "kalata ija inenso ndinasayina."

Sanadabwe. Sanachotse ngakhale dzanja pachitsulopo.

"Ndikudziwa," anatero. "Mlembi anandiwerengera mayina onse tsiku lomwelo. Anati ndi ufulu wanga kudziwa."

Tsiku lomwelo. Ndiye kuti Malamlungu onse aja, pakhomo panga ku Highfields, ndi kumenya chiwongolero kuja, ankadziwa.

"Khalani pakati, mukupendeketsa bwato," anatero. Anagwira nsonga ya nkhafi yanga n'kutikankhira pamtsinje.

Tinapalasa. Mlatho tinaudutsa pakati monga anajambulira, ndipo sitinagunde kanthu. Tinamaliza achitatu pa mabwato anayi, ndipo limene tinaliposalo linali ndi mayi amene nsapato inamuvuka panjira. Mphunzitsi anati mphepo ndi imene inatilakwira.

Madzulo mnzanga anakoka ngolo kubwerera ku Leicester, anaibweza chambuyo mpaka pakhomo la shedi, n'kuthandiza kupachika mabwato onse m'malo mwake. Atamaliza anachotsa kiyi wa shedi pa mulu wa makiyi ake n'kumusiya pafaelo ya mlembi. Anatsanzika aliyense, ndi ine ndemwe, ndi dzanja. Lamlungu lotsatira ndinaima pawindo nditavala kale zopalasira mpaka nthawi ya tchalitchi inakwana, ngakhale ndinkadziwa kuti sabwera.

Mpando wachiwiri ndikadali nawo. Palibe amene angandilande, mapepala anga ali m'faelo.